MAMOTOKA A BOMA: SANKHANI PULOGILAMU YOTHANDIZA MAKANIKA, OSATI YOSANGALATSA MABWANA

Nkhani yanga lelo ingaoneke ngati ya anthu a m'maofesi okha, koma dekhani pang'ono. Mudzaona kuti ifika mpaka pa munda panu ndi pa kiliniki yanu.

Kuseli kwa maofesi ambili a boma kuli malo amene mamotoka a nambala ya GRZ amagona. Ena akhala pa miyala, matayala anacoka kale. Ena udzu wamela pansi pake ndipo nkhuku zimaikilamo mazila. Mukafunsa, yankho limakhala limodzi: tiyembekezela sipeya. Koma sipeya yanji, inaitanitsidwa liti, anasaina ndani, palibe amene angakuuzeni msanga.

Motoka yotele siifa tsiku limodzi. Ciyambi cimakhala kanthu kakang'ono: filita ya dizilo imene sinasinthidwe pa nthawi yake, oilo imene inapitilila makilomita ake, kapena mabuleki amene dalaivala anadandaula katatu koma pepala lake linasowa pa thebulo. Ikaima mwezi umodzi, inzake ikafuna batili, amati bwelekani pa ija yaima. Mawa acotsako sitata, mkuja tayala. Pakutha caka, motoka imene inangofuna cinthu ca ndalama zocepa yasanduka cigoba, ndipo ayamba kulemba makalata opempha yatsopano.

Cimene candicititsa kulemba ndi cakuti mamotoka ndi makina a boma aculuka kwambili m'zaka zaposacedwa. Ndalama za CDF zimene zinali K1.6 miliyoni pa dela la phungu mmodzi mu 2021 zinakwela kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Mu 2023 boma linapeleka mamotoka 156 oyendela nchito za CDF, imodzi pa dela lililonse mwa madela 156 a aphungu amene analipo nthawiyo. Linapangananso zogula maambulansi 156 ndi ndalama zomwezo, ngakhale kuti aja anacedwa kufika mpaka anthu anayamba kufunsa. Makhonsolo ambili nawonso agula magileda, mathilakita ndi mathipa okonzela miseu ya kumidzi. Zonsezi ndi zabwino ndipo tiyamika. Koma motoka yogulidwa mu 2023, imene yayenda m'miseu yathu ya fumbi ndi matope, lelo siilinso yatsopano. Nthawi yake yoyamba kudwala yafika.

Ife a Zambia timadziwa kufunsa tsiku logula. Mu 2017 dziko lonse linakangana pa mamotoka ozimitsa moto 42 amene anagulidwa ndi madola 42 miliyoni, ndipo tinacita bwino kufunsa za mtengowo. Koma nthambo ikadulidwa ndipo makiyi apelekedwa pamaso pa ojambula, timabalalika. Za amene adzasamala motokayo kwa zaka 10 zotsatila, sitifunsa.

Pamene pali mamotoka ambili, amalonda a mapulogilamu a pa kompyuta sacedwa kufika. Amalonjeza kuti pulogilamu yawo idzathetsa mavuto onse a galaja ndi a mosungila masipeya. Ine sinditsutsa kompyuta. Khonsolo kapena unduna umene uli ndi mamotoka ambili ufunikadi njila yabwino yosungila mbili yake. Koma mapulogilamuwa asiyana, ndipo osankha akaphonya, ndalama zidzapita, mamotoka adzakhalabe pa miyala.

Kuti timvane, pulogilamu imeneyi ndi mabuku awili oikidwa pamodzi. Loyamba lili ngati khadi la mwana la ku sikelo. Amayi adziwa kuti khadi lija limaonetsa tsiku lobadwa, akatemela amene mwana analandila, ndi tsiku loti abwelenso. Motoka nayonso ifunika khadi lake: nambala ya chasisi, makilomita amene yayenda, tsiku limene inasinthidwa oilo, zimene makanika anakonza, ndi tsiku loti ibwelenso ku sevisi. Buku laciwili ndi la sitolo: masipeya amene alowa, amene atuluka, amene atsala, ndi motoka imene analowamo. Pulogilamu yabwino imamanga mabuku awiliwa pamodzi, kotelo kuti sipeya singatuluke popanda kuchula motoka yake, ndipo motoka singakonzedwe popanda kuonetsa kumene sipeya inacokela.

Tsono amalonda ambili sayambila apa. Amayamba ndi mapu. Amaika cinsalu cacikulu m'cipinda ca msonkhano, ndipo mabwana amaona timadontho tikuyenda, aka kali pa Great East Road, aka kaima pa msika. Onse amaomba m'manja. Akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyelele. Kacipangizo ka GPS kali ndi nchito yake. Kamagwila dalaivala amene wapita ndi motoka ya boma kukanyamula makala pa Sabata, ndipo kangathandize kuwelenga makilomita. Koma mapu sakuuzani kuti oilo yada, kapena kuti m'sitolo mwatsala filita imodzi. Ndipo motoka imene yakhala pa miyala, batili inacotsedwa, pa mapu siionekanso n'komwe. Imeneyo ndiyo tifuna kudziwa za iyo. Kulonda kumene motoka ili ndi kusamala thanzi lake ndi nchito ziwili zosiyana, ndipo khonsolo isagule yoyamba poganiza kuti yagula zonse.

Funso limene ndingaike patsogolo pa onse ndi ili: kodi pulogilamuyi igwila nchito netiweki ikacoka? Alimi anzanga, apa ndinu mboni. Njila ya e-voucher mu FISP inayamba mu nyengo ya 2015/2016 m'maboma 13, ndipo mu 2017/2018 inafalikila dziko lonse. Ganizo lake linali labwino, loti mlimi adzisankhile yekha mbeu ndi fataleza. Koma ambili a inu mukumbukila kudikila kuti khadi litsegulidwe, kapena kuima tsiku lathunthu kwa wogulitsa cifukwa makina akana kulumikiza, mvula ili kugwa, anzanu abyala kale. Nyengo yotsatila maboma ambili anabwelela ku njila yakale. Cinthu cimene cimayenda bwino mu ofesi ya ku Lusaka cingagwe mphwayi cikafika kumene netiweki imapezeka pa culu cimodzi cokha. Onjezelani za malaiti. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, panali miyezi imene malaiti anali kubwela maola atatu cabe pa tsiku. Galaja singaleke kukonza ambulansi cifukwa kompyuta yazima.

Conco pulogilamu yoyenela ndi imene makanika angalembemo pa foni wamba ngakhale palibe netiweki, n'kusunga zimene walemba, n'kudzazitumiza yokha netiweki ikabwela. Iyenelanso kulola kusindikiza khadi la nchito pa pepala, kuti likhale m'motoka. Ndipo kuyesa kwake kusacitikile mu hotela. Aitenge apite nayo ku Chama kapena ku Vubwi m'mwezi wa February, aipeleke kwa wosunga sitolo ndi kwa makanika amene manja ake ali ndi gilizi, aone ngati angatulutse sipeya ndi kutseka nchito popanda kuitana munthu wa ku kampani. Ngati zitenga nthawi yaitali kuposa kulemba m'buku, anthu adzabwelela ku buku, kapena adzaleka kulemba konse, ndipo sindingawadzudzule.

Tibwele ku masipeya, pakuti mtima wa nkhani uli pamenepa. Kucokela ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo kuti mufike ku Lundazi muonjezelanso pafupifupi 180. Sipeya imene munthu wa ku Lusaka amagula m'mawa n'kuika masana, kwa ife ndi ulendo wa masiku, ndipo m'boma umayamba ndi makoteshoni ndi masiginecha. N'cifukwa cake zinthu zimene zimatha kawili-kawili, monga mafilita, mabuleki, malamba, mabelingi ndi mabushi, ziyenela kukhala pa shelufu motoka isanadwale. Pulogilamu iyenela kudziwa kuti tili ndi mamotoka angati a mtundu umodzi, amadya mafilita angati pa miyezi itatu, ndipo sipeya imatenga masiku angati kuti ifike. Zikatsala zocepa, icenjeze pasadakhale. Mlimi wanzelu sayembekezela kuti nkhokwe ikhale mbee kuti ayambe kuganiza.

Iyenelanso kusunga nambala yeniyeni ya sipeya iliyonse. Kulemba kuti filita ya Land Cruiser sikukwana, cifukwa ma Land Cruiser ali ndi mainjini osiyana, ndipo sipeya ya mtundu wina singalowe pa unzake. Sipeya yogulidwa molakwa imagona pa shelufu zaka, ndalama zitapita, motoka ikali pa miyala. Apanso pulogilamu ingaphunzitse ogula kanthu. Ikaonetsa kuti khonsolo imodzi ili ndi mitundu isanu ndi umodzi ya mamotoka, uliwonse ndi masipeya ake, adzaona okha kuti kugula mitundu yocepa kumapeputsa sitolo.

Koma cimene ine ndifuna koposa ndi cakuti pulogilamu isaiwale, ndipo isalole kufufuta. Sipeya ikatuluka, zilembedwe kuti anapempha ndani, analola ndani, anatenga ndani, inalowa m'motoka iti, pa makilomita angati. Aliyense akhale ndi nambala yake yacinsinsi, osati imodzi ya ofesi yonse. Wina akasintha cimene cinalembedwa dzulo, zakale zionekebe ndi dzina la wosinthayo. Sipeya yakale imene yacotsedwa ibwezedwe ku sitolo ndipo ilembedwe. Ndi njila yotele mungagwile motoka imene pa pepala yalandila matayala atsopano kawili m'miyezi itatu, kapena imene imamwa dizilo pamene ili pa miyala. Malipoti a Auditor General caka ndi caka amachula katundu wa m'masitolo a boma amene sapezeka kumene anapita. Izi zimateteza ngakhale wanchito wokhulupilika, amene masiku ano amanamiziliwa pamodzi ndi akuba cifukwa palibe colembedwa comuikila umboni.

Pano ndicenjeze. Kompyuta simanga mbala. Za mankhwala m'zipatala zathu zakhala ndi pulogilamu yake, eLMIS, kwa zaka zambili. Koma mu May 2025 boma la America linalengeza kuti lidzacotsa madola 50 miliyoni pa caka pa thandizo lake la mankhwala, ponena kuti mankhwala opatsidwa kwaulele anali kubedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo. Pulogilamu imadziwa cabe zimene munthu waiuza. Ngati palibe amene apita ku shelufu kukawelenga ndi manja n'kuyelekeza ndi zimene kompyuta inena, bodza limangosamuka kucoka m'buku kulowa m'makina. Conco pulogilamu ikhale ndi malo olembapo kuwelenga kwa mwezi ndi mwezi, ndipo wowelengayo asakhale yemwe asunga makiyi.

Pali kanthu kena kamene kamaiwalika, koma kwa alimi ndi kakakulu. Gileda ndi thilakita siziwelengedwa ndi makilomita. Zimawelengedwa ndi maola amene injini yalila, ndipo zambili zimafuna oilo yatsopano pa maola 250 kapena 500, malinga ndi buku lake. Pulogilamu yopangidwila mamotoka a m'tauni okha singadziwe zimenezi. Isaiwalenso mithuthuthu ya alangizi a zaulimi ndi ya anchito a zaumoyo. Kwa mlimi wa kumudzi, mthuthuthu wa mlangizi ndi wofunika kuposa motoka ya bwana, cifukwa ndiwo umafika pamene mbozi zagwa m'cimanga kapena ng'ombe zayamba kufa.

Za mtengo ndinene mwacidule. Mapulogilamu ambili akunja, monga Fleetio ya ku America, amalipilitsa mwezi ndi mwezi pa motoka iliyonse, m'madola. Mu 2024 dola imodzi inapitilila K27, ndipo palibe msungi wa cuma wa khonsolo amene angalonjeze mmene idzakhalila zaka zisanu kutsogolo. Alipo ena monga Odoo amene ali ndi mtundu waulele, koma nawonso afuna munthu wodziwa kuwaika ndi kuwasamala, ndipo ameneyo alipidwa. Conco a komiti yogula, potsatila lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma la 2020 limene a ZPPA amayang'anila, asayang'ane mtengo wa tsiku loyamba cabe. Awelengele zaka zisanu, pamodzi ndi maphunzilo, mafoni, ndi amene adzayankha zinthu zikavuta. Ndipo m'pangano mulembedwe poyela kuti mbili yonse ya mamotoka ndi ya boma, ndipo ingatulutsidwe tsiku lililonse m'njila imene pulogilamu ina ingawelenge. Apo ayi, tsiku limene khonsolo idzalephela kulipila, kampani idzatseka citseko, mbili ya zaka zonse ili m'kati.

Tili ndi makhonsolo 116. Ngati iliyonse igula yake-yake, tidzakhala ndi mapulogilamu ambili osamvana. Ine ndiona kuti a Smart Zambia, amene ali ndi udindo pa nchito za boma za pa kompyuta, ayenela kuika muyezo umodzi wa kalembedwe, ngakhale ogulitsa akhale osiyana. Phindu lake ndi looneka. Tiyelekeze kuti ambulansi yaima m'boma lina cifukwa ca sipeya imodzi, pamene sipeya yomweyo igona pa shelufu m'boma loyandikana nalo. Buku la pepala silingaone kutsidya kwa malile, koma pulogilamu yomvana ingaone, ndipo sipeyayo ingafike ndi basi ya m'mawa.

Ena adzati, bwanji osatenga ndalama za pulogilamu n'kugulila masipeya? Funsoli ndi labwino ndipo mbali ina ndigwilizana nalo. Ofesi imene ili ndi mamotoka asanu siifunika cinthu codula. Buku losungidwa mokhulupilika, kapena Excel, zikwana. Koma anchito a boma amasamutsidwa, mabuku amasowa, ndipo wobwela amayamba ngati motoka inabadwa dzulo. Pamene mamotoka ndi makina afika makumi angapo, mutu wa munthu mmodzi sungasunge zonse.

Umboni wakuti kasamalidwe kadongosolo kamathandiza tili nawo kwathu konkuno. Bungwe la Riders for Health linagwilapo nchito ku cigawo ca Kum'mwela, ndipo akatswili a ku yunivesite ya Stanford anayelekeza maboma anayi kumene mithuthuthu ya anchito a zaumoyo inali kusamalidwa mwa njila ya bungweli ndi maboma ena anayi kumene zinthu zinali kuyenda monga kale. Kumene kunali dongosolo, anchito a zaumoyo anayenda maulendo ambili ndipo anafika kutali. Cinsinsi cawo sicinali kompyuta. Wokwela anali kuyang'ana mthuthuthu wake tsiku lililonse asananyamuke, makanika anali kubwela pa nthawi yake osadikila kuti uwonongeke, masipeya analipo, ndipo ndalama zinali kuwelengedwa pa kilomita iliyonse. Pulogilamu ndi kapolo wa dongosolo lotele. Kumene kulibe ndalama zoikidwa padela za sevisi, pulogilamu idzacenjeza mwezi ndi mwezi ngati tambala wolila pa bwinja. Conco khonsolo imene ifuna kugula pulogilamu iyambe yaonetsa mu bajeti yake mzele wa ndalama zosamalila mamotoka, ndipo iyambe yawelenga zimene ili nazo, motoka iliyonse ndi sipeya iliyonse, ngakhale zija za pa miyala.

Nanga ife tingacitepo ciani? Sitidzakhala m'komiti yosankha, koma tili ndi makomiti a citukuko a m'mawadi, tili ndi makhansala, ndipo kuyambila mu December 2023 tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha kudziwa za nchito za boma. Pa msonkhano wa wadi, funsani kuti khonsolo ili ndi mamotoka ndi makina angati, angati ayenda lelo, ndipo amene aima adikila ciani kuyambila liti. Mukamva kuti kugulidwa pulogilamu, funsani ngati makanika ndi wosunga sitolo anaiyesa, ndiponso ngati ingayankhe mafunso omwewa pa pepala limodzi.

Pepala limenelo ndilo ndipempha. Mwezi uliwonse lisindikizidwe ndi kukhomedwa pa bolodi ya khonsolo ndi ya ofesi ya zaumoyo, pamene aliyense angawelenge: nambala ya motoka, iyenda kapena yaima, cifukwa cake, ndi tsiku limene sipeya inaitanitsidwa. La mwezi wa April lionetse ngati gileda ndi yokonzeka kulowa m'miseu mvula ikatha, malole a cimanga asanayambe kupita ku madepoti a FRA. La mwezi wa October lionetse ngati maambulansi onse alandila matayala ndi sevisi, mitsinje isanadzale.